Black Flag yeniyeni ndi iti? Mbiri ya gulu limene anthu sakhalitsamo

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndinagula tisheti pa kaunjika yokhala ndi mizere inayi yakuda yoimirira, ndipo yalembedwa kuti Black Flag. Nditafufuza pa YouTube ndinapeza kuti ndi gulu loimba, koma vidiyo iliyonse imene ndatsegula, wapamaiki ndi wina. Pena ndi kamnyamata kochepa thupi, pena ndi chimunthu cha minofu chosavala malaya, ndipo posachedwapa ndaona mtsikana. Palinso gulu lina longotchedwa FLAG loimba nyimbo zomwezo. Kodi Black Flag yeniyeni ndi iti, ndipo chinkachitika n'chiyani kuti anthu azingosinthasintha chonchi?"

Achimwene, mwatola chinthu cha mbiri pa kaunjikapo. Mizere inayiyo ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika kwambiri m'nyimbo za rock, ndipo kunja kuno kuli anthu ambirimbiri amene anaidinda pakhungu ngati mphini. Kusokonezekako simuli nokha. Ngakhale amene atsata gululi kwa zaka makumi anayi amakanganabe pa funso lomweli. Ndiyambe ndakupatsani yankho lalifupi. Pamaso pa malamulo, Black Flag ndi ya munthu mmodzi, woimba gitala Greg Ginn, ndipo paliponse pamene iye waima ndi gitala yake, dzinalo lili pomwepo. Koma kwa ine womvera, Black Flag imene inagwedeza dziko ndi ya pakati pa 1976 ndi 1986, ndipo pa anthu onse amene anachoka m'zaka zimenezo, amene kuchoka kwake kunasinthiratu gululi anali wa besi, osati wapamaiki aliyense amene mwamuona pa YouTube. Tifikako.

Nkhani imayambira ku Hermosa Beach, katauni ka m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Los Angeles, ku California. Greg Ginn, wobadwa mu 1954, sanali mwana wolota za siteji. Ankakonda mawailesi olankhulirana, ndipo ali ndi zaka 12 anali atayamba kale kabizinesi kogulitsa zipangizo zake kotchedwa Solid State Tuners, mwachidule SST. Gitala anaigwira mochedwa, atatsala pang'ono kufika zaka 20. Mu 1976 anayamba gulu ndi mnzake Keith Morris, kamnyamata kochepa thupi kamene mwakatchula kaja, ndipo analitcha Panic. Chinawavuta n'kupeza wa besi wokhazikika, chifukwa Ginn ankafuna pulakatisi ya maola ambiri tsiku ndi tsiku ndipo anyamata ambiri ankangolawa n'kuthawa. Izi zinachititsa kuti Ginn azimenya gitala molemera, mokhala ngati akutseka mpata wa besi yosowayo, ndipo kamenyedwe kameneko kanamukanirira. Amene anadzakhalitsa ndi Chuck Dukowski, wochokera m'gulu la Würm, amene analowa mu 1977. Dzina limeneli mulisunge.

Atamva kuti kuli gulu linanso lotchedwa Panic, anasintha dzina chakumapeto kwa 1978. Dzina latsopanolo analipereka ndi mng'ono wake wa Ginn, wojambula zithunzi Raymond Pettibon, amenenso anajambula mizere yanu inayi ija. Muiyang'anitsitse: sinayime pamzere umodzi, ina yakwera ina yatsika, ngati mbendera imene ikuwuluzika ndi mphepo. Ganizo lake linali lakuti ngati mbendera yoyera ndi yogonjera, yakuda ndi yokana kulamulidwa. Ubwino wina wa chizindikirochi unali woti mwana aliyense wokhala ndi chitini cha penti ankatha kuchijambula pakhoma m'kanthawi kochepa n'kuliyatsa liwiro. Makoma a Los Angeles anadzaza nacho, ndipo apolisi anayamba kulidziwa gululi asanamve n'komwe nyimbo zake.

Kachimbale kawo koyamba, Nervous Breakdown, kanali ndi nyimbo zinayi zokha, zonse pamodzi pafupifupi mphindi zisanu. Anakajambula mu January 1978, koma posowa kampani yokatulutsa, Ginn anangotenga dzina la bizinesi yake ya mawailesi ija n'kupanga SST Records, ndipo kanatuluka kumayambiriro kwa 1979. Apa ndi pamene mungamve chimene anthu amachitcha hardcore chikubadwa: punk, mtundu wa rock yaphokoso, koma yothamanga kwambiri, yaukali, nyimbo zazifupi, woimba akukuwa za kutopa ndi moyo, ntchito yosakoma, mutu wosokonekera. Morris ankaimba ngati mwana wamwano amene wafika pamapeto. Woimba ng'oma woyamba, Brian Migdol, sanachedwe kuchoka, ndipo m'malo mwake munalowa Robo, mbadwa ya ku Colombia.

Malo oimbira ankawakaniza, choncho ankaimba paliponse pamene papezeka mpata. Mu July 1979 anapeza danga pa zoimbaimba za mabanja ku Polliwog Park, ku Manhattan Beach, okonza mwambowo asakudziwa mtundu wa nyimbo zimene zikubwera. Makolo amene anabwera ndi ana kudzapuma anawagenda ndi zakudya. Nthawi imeneyo ankachitira pulakatisi m'tchalitchi chakale cha Baptist chimene chinasiyidwa ku Hermosa Beach, ndipo ena mwa iwo ankagona momwemo.

Morris anachoka chakumapeto kwa 1979. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinali zitamulowerera, komanso kuti anatopa ndi pulakatisi yosatha ndiponso kukokana ndi Ginn ndi Dukowski. Anakayambitsa Circle Jerks, gulu lina lalikulu la hardcore. Wolowa m'malo mwake anali Ron Reyes, mnyamata amene ankawatsata komanso kugona m'tchalitchi chija. Mukapeza filimu ya Penelope Spheeris yonena za punk ya ku Los Angeles, The Decline of Western Civilization ya 1981, mudzamuona Reyes akuonetsa pamene amagona: kamphako kangati kabati, koti munthu aloweremo chokwawa. Chithunzi chimenechi chimandikhudza nthawi zonse, chifukwa chimaonetsa moyo weniweni umene nyimbozi zinkachokeramo. Reyes sanakhalitse. Anthu obwera ku mashoo anali atasintha, kunayamba kuchuluka anyamata obwerera ndewu, ndipo tsiku lina mu 1980, pa malo otchedwa Fleetwood ku Redondo Beach, iye anasiya maiki shoo ili m'kati n'kutuluka. Anzakewo anapitiriza kuimba, anthu a pansi akulandirana maiki. Anabwerako kudzamaliza mawu a kachimbale ka Jealous Again, kenako anasamukira ku Vancouver, ku Canada.

Wachitatu anali Dez Cadena, mwana wa Ozzie Cadena, wojambula nyimbo za jazz. Ambiri mwa akale amati ameneyu ndiye anali ndi mawu a hardcore enieni, aukali, osasa, ngati munthu wameza mchenga. Koma sanaphunzire kasamalidwe ka kholingo, ndipo maulendo aatali oimba usiku uliwonse anamuphwetsa mawu. Anapempha kuti asamukire ku gitala yachiwiri. Taonani kale apa: m'zaka ziwiri zokha apamaiki atatu adutsa, ndipo chimbale chachikulu sichinatuluke.

Chimunthu cha minofu chija ndi Henry Rollins. Iye anali wa ku Washington, D.C., kutsidya lina la America, komwe ankaimba m'kagulu ka S.O.A. komanso kuyang'anira shopu ya ayisikirimu ya Häagen-Dazs ku Georgetown. Anali wotsata Black Flag wa mtima wonse, wolemberana makalata ndi Dukowski. Mu 1981 anayendetsa galimoto kupita ku New York kukawaona, ndipo pa kashoo ka m'bala usiku kwambiri anapempha kuti amuimbire nyimbo yonena za kupita kuntchito, popeza m'mawa mwake ankayenera kukatsegula shopu. Anakwera pa siteji n'kuiimba yekha. Patangopita masiku ochepa anamuitana kuti adzamuyese, ndipo anamutenga. Anali ndi zaka 20. Anagulitsa galimoto, kusiya ntchito, n'kukwera vani.

Anthu asanu amenewa, Ginn, Dukowski, Robo, Cadena ndi Rollins, ndi amene anajambula Damaged, chimbale chimene chinatuluka mu December 1981, chokhala ndi chithunzi cha Rollins atamenya kalilole ndi chibakera. Wokonza mawu anali Spot, amene anagwira zimbale zambiri zoyambirira za SST, ndipo anamwalira mu 2023. Ngati mukufuna chimbale chimodzi choti mudziwire hardcore, n'chimenechi. Gitala ya Ginn, ya pulasitiki yoonekera mkati yotchedwa Dan Armstrong, imalira ngati chitsulo chikung'ambika, ndipo akafika poimba yekha amachita ngati waphonya manoti dala, kenako n'kugwera pamalo oyenera pomwe inu mumati wasochera. Pansi pake pali besi ya Dukowski, imene sikhala kumbuyo mwaulemu monga besi imachitira m'magulu ambiri. Imakankha, imathamangira kutsogolo kwa ng'oma, ngati ikufuna kugwetsa nyimbo yonse.

Apa mavuto awiri anagwa nthawi imodzi. Loyamba linali la Robo. Gululi litamaliza ulendo wa ku Britain mu December 1981, iye analephera kubwerera ku America chifukwa cha mapepala a visa. Mpando wa ng'oma unasanduka wa alendo: Bill Stevenson wa gulu la Descendents anagwirizira, kenako Emil Johnson, kenako Chuck Biscuits wochokera ku D.O.A. ya ku Canada, mpaka Stevenson anadzakhazikika mu 1983. Robo atadzakwanitsa kubwerera ku America anakalowa gulu lina la punk, Misfits.

Vuto lachiwiri linali la kukhothi, ndipo ndi limene linawapweteka zedi. Pofuna kuti Damaged ifike m'mashopu ambiri, SST inagwirizana ndi kampani ya Unicorn, imene zimbale zake zinkafalitsidwa ndi MCA. Bwana wina wa MCA atamvera chimbalecho anakana kuchifalitsa, ponena kuti n'chotsutsana ndi makolo. Anyamatawo anangotenga mawu akewo n'kuwamata pachikuto, n'kuyamba kugulitsa okha. Mlandu unabuka ndi Unicorn, ndipo khothi linapereka chiletso choti asatulutse nyimbo m'dzina la Black Flag. Atatulutsa Everything Went Black, chimbale cha nyimbo zakale zoimbidwa ndi Morris, Reyes ndi Cadena, chopanda dzina la gulu pachikuto, woweruza anati anyoza khothi, ndipo Ginn ndi Dukowski anagona m'ndende masiku asanu mu 1983. Anamasuka pamene Unicorn inagwa chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Chimene chimandiwawa pa zaka ziwiri zimenezi n'choti gulu limene ambiri timaliona kuti linali lamphamvu kuposa onse, la magitala awiri ndi Biscuits pa ng'oma, silinatulutse chimbale. Zimene anajambula mu 1982 zinangoyenda m'manja mwa anthu mobisa, pa makaseti okopera. Pofika nthawi imene chiletso chinkatha, Biscuits anali atapita, Cadena anali atachoka kukayamba gulu lake la DC3, ndipo Dukowski sanalinso pa besi.

Tsopano tiime pa Dukowski. Anthu akamawerenga mbiri ya gulu amawerenga apamaiki, chifukwa ndi nkhope zimene timaziona. Koma mu Black Flag wapamaiki sanali mwini nyimbo. Pa Damaged, pafupifupi mawu onse amene Rollins akukuwa analemba ndi Ginn ndi Dukowski. Dukowski ndiye ankayankhula ndi atolankhani, ndiye anali ndi maganizo akuthwa okhudza ulamuliro ndi ufulu, ndiye ankakhala pa foni tsiku lonse kufunafuna holo, bala kapena chipinda chapansi m'tauni imene gulu la punk linali lisanafikeko. Njira zimene iye anatsegula pamodzi ndi anzawo a D.O.A. ndi zimene magulu mazanamazana anadzayendamo pambuyo pake: vani imodzi, kugona pansi m'nyumba za owatsata, kumata okha mapepala oitanira anthu, osadikira kampani yaikulu. Analinso mwini mnzake wa SST. Mwachidule, m'gulumo munali atambala awiri, ndipo mphamvu ya nyimbo zawo inkachokera pa kukokana kwa awiriwo, wina wofuna zinthu zolongosoka mpaka pa kadontho, wina wofuna moto.

Mu 1983 Ginn anaona kuti kaimbidwe ka Dukowski sikakugwirizana ndi kumene iye ankafuna kupita, ndipo Dukowski anatsika pa besi. Sanapite kutali, anapitiriza kukonza maulendo a gululi ndi kugwira ntchito ku SST, ndipo nyimbo zake zina zinaimbidwabe, kuphatikizapo imene inapereka dzina ku chimbale cha My War. Koma kuchokera pamenepo panalibenso wina wofanana msinkhu ndi Ginn m'chipinda cha pulakatisi. Aliyense wolowa ankalowa m'gulu la Ginn, ndipo ankachoka Ginn akafuna. Mukafunsa chifukwa chake anthu sakhalitsamo, yankho lili pawiri. Poyamba ankachoka chifukwa moyo wake unali wowawa: njala, apolisi kutseka mashoo ndi zibonga, ndewu, maola osawerengeka a pulakatisi, ndalama palibe. Kuyambira 1983 ankachoka kwambiri chifukwa mwini wake wasintha maganizo.

Sindikunena kuti zimene zinatsatira zinali zofooka. My War, imene inatuluka mu March 1984, ndimaikonda mwina kuposa Damaged. Besi anaimba ndi Ginn yemweyo pogwiritsa ntchito dzina lakuti Dale Nixon. Mbali yoyamba ndi yothamanga monga anthu ankayembekezera. Mukatembenuza, mbali yachiwiri ili ndi nyimbo zitatu zokha, iliyonse yopitirira mphindi zisanu ndi chimodzi, zoyenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza mchenga pa chitunda, zolemera ngati za gulu la heavy metal la Black Sabbath, Rollins akubuula ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda. Ana a punk amene ankafuna liwiro anakwiya, ena anati gululi lawagulitsa, makamaka ataona kuti anyamatawo asunganso tsitsi lalitali. Koma kumpoto, m'chigawo cha Washington, achinyamata ena anamva mbali yachiwiriyo n'kutengapo njira. Gulu la Melvins linatengerapo kaimbidwe kolemera koyenda pang'onopang'ono, ndipo Kurt Cobain wa gulu la Nirvana anaika My War pa mndandanda wa zimbale zimene ankazikonda. Nyimbo zimene dziko linadzazitcha grunge zili ndi muzu wina m'mphindi zimene anthu ankazinyozazo.

Wolowa pa besi anali Kira Roessler, mtsikana amene pa nthawiyo ankaphunzira pa yunivesite ya UCLA, moti maulendo ena ankawakonza motsata tchuthi chake. Kaimbidwe kake kanali kosiyana ndi ka Dukowski: kolunjika, kokhazikika, komata ndi ng'oma za Stevenson ngati njerwa ndi simenti. Ichi n'chimene Ginn ankafuna, maziko osagwedezeka oti gitala yake iziyendayenda pamwamba. Pulakatisi inamupweteka dzanja atangolowa kumene, koma anapitirira. Ndipo taganizirani mtsikana mmodzi m'vani ya amuna okhaokha miyezi yathunthu, pamaso pa makamu a anyamata aukali, akuimbanso nyimbo zina zimene mawu ake, kunena zoona, sankalemekeza akazi. Ine ndimamupatsa ulemu waukulu. Anthu anayi amenewa, Ginn, Rollins, Roessler ndi Stevenson, ndi amene anagwira ntchito yochuluka kuposa ena onse. Mu 1984 mokha munatuluka My War, Family Man ndi Slip It In, ndipo mu 1985 munabwera Loose Nut, In My Head ndi The Process of Weeding Out, kachimbale kopanda mawu kamene kali pafupi ndi jazz yosamangika kusiyana ndi punk. Nyimbo zimene zinaunjikana nthawi ya chiletso zinatuluka ngati madzi ophwasula damu.

Rollins nayenso anali atasintha. Kamnyamata kometa mpala ka 1981 kanasanduka munthu wa mphini thupi lonse, woimba atavala kakabudula kakuda kokha, wolandira malovu, mabotolo ndi zibakera kuchokera kwa anthu usiku ndi usiku, nthawi zina n'kubwezera. Akabwerera ku California ankagona m'kashedi kuseri kwa nyumba ya makolo a Ginn, akulemba. Zolemba za maulendowo ndi zimene zinadzakhala buku la Get in the Van, limene kuwerenga kwake kojambulidwa kunamupezetsa mphoto ya Grammy mu 1995. Atolankhani anayamba kumuona ngati nkhope ya Black Flag, ndipo ubale wake ndi Ginn unazilala mpaka anasiya kuyankhulana bwino.

Chakumapeto zinthu zinayenda msanga. Stevenson anachoka mu 1985 n'kubwerera ku Descendents, pa ng'oma panakhala Anthony Martinez. Roessler anachotsedwa chaka chomwecho, m'malo mwake munalowa C'el Revuelta. Ngakhale Pettibon anakangana ndi mkulu wake chithunzi chake china chitadulidwadulidwa n'kuikidwa pachikuto cha Loose Nut iye asanavomere. Shoo yomaliza inachitika pa 27 June 1986 ku Detroit. Patapita milungu ingapo Ginn anaimbira foni Rollins kumuuza kuti iye akusiya gululi, ndipo popeza gululo linali iyeyo, nkhani inathera pomwepo. Roessler anadzakhala katswiri wokonza mawu m'mafilimu ku Hollywood, mpaka kupambana mphoto za Emmy. SST inapitirira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inatulutsa zimbale za Minutemen, Hüsker Dü, Meat Puppets, Sonic Youth, Dinosaur Jr., Soundgarden ndi Bad Brains, ngakhale magulu angapo mwa amenewa anadzadandaula poyera za ndalama zawo, ena mpaka kukatenga nyimbo zawo kudzera kwa maloya.

Tibwere ku FLAG imene yakusokonezani. Mu 2003 Ginn anasonkhanitsa Cadena, Robo ndi Revuelta pa mashoo ochepa opezera ndalama zosamalira amphaka osowa pokhala, ndipo zinathera pomwepo. Ndiye mu December 2011, pa chikondwerero china ku Santa Monica, Morris, Dukowski ndi Stevenson, pamodzi ndi woimba gitala wa Descendents Stephen Egerton, anakwera pa siteji n'kuimba nyimbo zinayi za kachimbale koyamba kaja. Anthu anasangalala kwambiri moti mu 2013 anayamba kuyenda m'dzina lakuti FLAG, ndipo Cadena anawalowa. M'chaka chomwecho Ginn analengeza kuti Black Flag yabwerera, Ron Reyes ali pa maiki patatha zaka zoposa 30. Choncho mu 2013 munali magulu awiri oimba nyimbo zomwezo: lina lokhala ndi akale anayi koma lopanda dzina, lina lokhala ndi dzina koma akale awiri okha.

Ginn anakasuma mu August 2013 pa nkhani ya dzina ndi chizindikiro, ndipo anaphatikizamo ndi Rollins, ngakhale iye sankaimba m'gulu lililonse mwa awiriwa. Woweruza anakana kuletsa FLAG kuimba, ndipo mu 2014 anagwirizana kunja kwa khothi: dzina la Black Flag ndi mizere inayi zikhale za Ginn ndi SST, enawo apitirize ngati FLAG. Chimbale chatsopano cha Ginn ndi Reyes, What The..., sichinalandiridwe bwino, ndipo ine ndinachimvera ndi mtima wofuna kuchikonda koma ndinalephera. Nyimbo zake zimafanana, ndipo palibe amene akukankha gitalayo kuchokera pansi. Chomvetsa chisoni kwambiri chinachitika mu November 2013 ku Perth, ku Australia. Reyes anafotokoza yekha kuti shoo isanathe, Mike Vallely, katswiri wa skateboard amene ankayendetsa za gululi, anabwera pa siteji, kumulanda maiki n'kumuuza kuti zake zatha. Munthu amene anasiya maiki pakati pa shoo mu 1980 analandidwa maiki pakati pa shoo mu 2013. Vallely anakhala wapamaiki kuyambira 2014, kwa zaka zoposa zimene Rollins anakhala, pamene a besi ndi a ng'oma ankangolowa ndi kutuluka. Mtsikana mwamuonayo ndi Max Zanelly, amene Ginn anamulengeza mu 2025 pamodzi ndi David Rodriguez pa besi ndi Bryce Weston pa ng'oma, onse achinyamata obadwa gulu loyambalo litatha kalekale.

Mwina mukuganiza kuti kusintha kwa anthu si chinthu chachilendo, ndipo n'zoona. Kwathu Alleluya Band ya ku Balaka yadutsamo mibadwo, kuchokera nthawi ya Paul Banda ndi Lucius Banda mpaka achinyamata a lero, ndipo palibe amene amati si Alleluya. Kusiyana kwake n'koti kumeneko dzina lili ndi mudzi wake, wochoka amasiyira wotsalira, ndipo akale amaonedwa ngati makolo. Ku Black Flag ochoka ambiri anachoka ndi bala, ndipo dzina linatsala m'thumba la munthu mmodzi. N'chifukwa chake mkangano wake sutha.

Sindikufuna kumulanda Ginn chake. Nyimbo zambiri analemba ndi iye, kampani anayambitsa ndi iye, ndipo palibe wina padziko amene amaimba gitala ngati iye. Egerton ndi katswiri, amatsanzira manoti onse bwinobwino, koma kusochera kwadala kuja n'kwa mwini wake. Achinyamata amene ali naye panopa sindiwanyoza, ndipo amene akumutukwana Zanelly pa intaneti aiwala kuti Reyes, Cadena ndi Rollins nawonso anali ana osadziwika otoledwa m'khamu la owonerera. Pamenepo Ginn sanasinthe khalidwe. Komabe mukandifunsa kuti ndi ati amene akamaimba nyimbo za 1979 mpaka 1981 tsitsi limandiimirira, ndi FLAG, ndipo chifukwa chake ndi Dukowski. Pezani vidiyo yawo ya 2013 mumuone bambo wa imvi akumenya besi ngati ali nayo mlandu, thupi lonse likugwedezeka, maso ali tong'o. Mukaona zimenezo mudzamva chimene chinasowa kuyambira 1983.

Pomvera, yambani ndi The First Four Years, chimbale chimene chinasonkhanitsa nyimbo za Morris, Reyes ndi Cadena, kuti mumve mawu atatuwo motsatizana. Kenako Damaged yonse osadumpha, kenako My War, ndipo mbali yachiwiriyo muipatse mpata kawiri kapena katatu musanaiweruze. In My Head muisunge pomaliza, kuti mumve Roessler ndi Stevenson atafika pachimake. Damaged muimvere ndi mahedifoni, usiku kukakhala bata. Robo ankavala zibangili padzanja poimba ng'oma, ndipo pamalo pamene magitala apuma pang'ono mudzamva kachiphokoso kachitsulo, tsekeretsekere, kakutsatira kumenya kulikonse.